Njira Yodutsa M'khitchini mwa Zoila

Ku dipatimenti ya jogalafe anandipatsa chipinda chopanda zenera
ndi kompyuta yodziwa mzinda wa Valparaíso
monga amaudziwira mphamba, kuchokera kumwamba.
Ndinasanjika mapu pamwamba pa mapu:
kutsetsereka kwa mapiri, kolowera mphepo ya masana,
nyumba za malata zokangamira m'zigwembe,
mipope ya ozimitsa moto, ina youma kukhosi.
Ndikadina, timadontho tofiira tinkabadwa
ponse pamene moto unanyambita.
Mazana atatu, khumi ndi limodzi.
Ndinalemba nambalayo, ndinagona tulo tabwino.

Lachiwiri ndinakwera masitepe a phiri
pepala langa lili kukhwapa, mpweya ukundithawa.
M'holo ya anthu a m'deralo amayi asanu ndi awiri
ndi bambo mmodzi wosoka nsapato
anali atayala patebulo chiguduli chotsuka bwino.

Mayi Eduvigis anaweramira mapu anga,
magalasi ali kunsonga kwa mphuno.
"Masitepe awa mwalemba mphindi zinayi.
Za ndani? Ine, bondo ili ndi ndowa ya madzi
timatenga makumi awiri, kupuma kawiri,
kamodzi pachipata cha Nibaldo pomwe galu amandidziwa."
Ndinafuna kunena za masamu a mtunda,
koma kompyuta yanga ilibe bondo.

Anandipatsa singano.
Ulusi wabuluu, pomwe madzi amafika Lolemba lokha.
Wakuda, ngodya imene atsikana sadutsa kukada.
Wachikasu anausiya mpaka pomaliza,
ndipo powutenga onse anakhala chete.
Unayambira kumtunda, n'kukana msewu, n'kukana masitepe,
n'kulowa m'nyumba ya munthu.
"Apa ndi m'khitchini mwanga," anatero Zoila.
"Usiku uja ndinatsegula zitseko zonse ziwiri.
Anadutsa ndi ana, ndi mphaka, ndi wailesi,
wina ananyamula apongozi ake kumsana.
Anandiswera mbale zitatu. Sindinawerenge anthu."
Setilaiti inaona denga lokha.

Nibaldo sanalankhule tsiku lonse.
Anatulutsa m'thumba kansalu ka maluwa obiriwira,
kotsala pa diresi la mkazi wake,
n'kukasokerera ndi msoko wa nsapato, wosamasuka.
Ndinasuzumira pandandanda wanga:
dontho la nambala mazana awiri ndi zisanu ndi zitatu.

Kuofesi ndinajambula chigudulicho,
ndinachikokakoka pagalasi kuti chigone pa mapu enieni.
Chinakana.
Kompyuta inati chaphonya ndi mamita makumi asanu ndi limodzi,
pakuti Eduvigis anasoka nyumba ya mng'ono wake
moyandikana ndi yake, khoma kukhoma,
pomwe pakati pawo pali chigwembe chonse.
Pulofesa Undurraga anakanda ndevu:
"Ndiye umboni wa kafukufuku wako ndi uti pamenepa?"
Ndinati mamita makumi asanu ndi limodziwo.
Sanaseke, koma sanafufute.

Miyezi inayi ndakhala ndikuphunzitsa makina
kuti mtunda umatalika ukasenza madzi,
umafupika kukakhala m'bale kutsidya.
Zina amamva. Zina amabweza ndi zilembo zofiira.
Chala changa chamkombaphala chili ndi timabala ta singano,
ndipo ndikagwira mbewa ya kompyuta timandikumbutsa.

Dzulo tinapita kukhonsolo ndi mapu onse awiri.
Anga anawala pakhoma, anthu anagwedeza mitu,
wina anayasamula.
Kenako Eduvigis ndi Zoila anatambasula chiguduli,
fungo la sopo ndi utsi wakale linadzaza chipinda.
Injiniya wachinyamata, tayi ili pakhosi,
anaika chala pa ulusi wachikasu,
n'kuutsatira pang'onopang'ono kutsika phiri
mpaka pamene unalowa m'nyumba.
Anaima pomwepo.
"Njira iyi ilibe dzina m'mabuku athu. Ndi ya ndani?"
Zoila anakonza mpango wake paphewa.
"Lembani kuti imatsegulidwa ndikakhalapo."